Maganizo a Mkonzi: Belo nayenso amaluma

Munthu wa kwa Mavwere akatuluka pa belo, abale amalulutira ngati mlandu watha, pomwe mavuto angoyamba kumene. Khoti limamulamula kuti azikaonekera kupolisi pamasiku oikika, ndipo nthawi zina limamulanda chiphaso choyendera. Kwa wageni amene amadalira msika wa ku Chipata, pamenepo mpamba wafa.

Tsiku la mlandu likafika, amalipira kabaza ndi minibasi mpaka ku Mchinji boma, n'kungouzidwa kuti mboni sizinabwere, abwerenso mwezi wamawa. Mbuzi imagulitsidwa, munda umalowa thengo, tulo osabwera. Kumudzi amutcha kale wakuba, chonsecho gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woganiziridwa ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa.

Wosowa omuimira pa belo ndiye amakathera ku ndende ya Maula, m'kuthithikana kumene khoti linadzudzula mu 2009 pamlandu wa Gable Masangano. Malire a masiku osungira woganiziridwa analowa m'malamulo mu 2010, koma kumidzi akuwadziwa ndani?

Tikupempha makhoti kuti azilola anthu kukasainira belo kupolisi yapafupi ndi kwawo, ndiponso a Legal Aid Bureau azifika kwa Mavwere kudzafotokozera anthu za malire amenewa.