Funso Likhale Lovuta, Koma Lacilungamo

Masewera odzaza mau m'timabokosi ndi ndagi za papepala. Ndagi yabwino imazunguza mutu, koma ukamva yankho umavomera kuti n'zoona. Funso loti "Mwambo wa Akunda, zilembo 7" ndi lacilungamo, pakuti kwa Mnkhanya ndani sadziwa Malaila? Loti "Likulu la dziko la Portugal" likondera okhawo ali ndi mabuku.

Cimene tikana kwambiri ndi kusakaniza kalembedwe. Malamulo amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 akuti m'Zambia tizilemba "cimanga", zilembo 7, monga Buku Lopatulika lakale lilemba "cifukwa". Ku Malawi alemba "chimanga", zilembo 8. Mlimi wadziwa yankho, koma kabokosi kamodzi katsala. Iye aganiza kuti sukulu inamucepera, naponya pepala pansi, mwina osaligwiranso. Wolakwa si iye ai.

Tsono inu okonza mafunso, sankhani kalembedwe kamodzi ndipo muzikachula pamwamba. Mau muziwatenga kumunda, kuchalichi ndi kumtsinje wa Luangwa. Inunso owerenga, funso likakhota musadziyese mbuli. Tilembereni.