Nyali za Mabuleki Zisamayende Zakufa

Magalimoto ena onyamula kachewere kuchoka ku Ulongwe kupita ku Tete amayenda usiku nyali za mabuleki zitafa. Wobwera pambuyo sadziwa kuti mnzake waima, amangozindikira wamuomba.

Kukonza kwake sikulira ndalama zambiri. Dalaivala aponde mabuleki, mnzake aone kumbuyo. Ikakana kuyaka nyali imodzi, vuto ndi babu kapena waya wa ethi amene wachita dzimbiri. Apale dzimbirilo, amangenso zolimba. Zikakana zonse, ayambe waona fyuzi, kenaka swichi ya pachopondera mabuleki.

Fyuzi ikamapsa kawirikawiri, ndiye kuti waya wina wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Amufunefune, amukulunge ndi tepi. Kuika kawaya kapena pepala lasiliva la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi n'kuitana moto pagalimoto.