ZA UMOYO M'MUDZI: Wodwala Khunyu Agwire Ntchito Zotani?

Sabata ino tikambirane za khunyu, matenda amene ena amati akugwa. Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Ena amayamba kugwa atadwala malungo aakulu paubwana, ena atavulala m'mutu, ena chifukwa anabadwa movutikira. Matendawa sapatsirana ayi. Thovu la m'kamwa mwa wodwala silingakupatseni khunyu, choncho musathawe mnzanu akagwa.

Chimene chimapundula odwala ambiri ndi malo amene agwerapo. Mayi akagwa ali pamafuwa, dzanja limalowa pamoto kapena mumphika wa phala, ndipo sakumva kupsako kufikira atatsitsimuka. Zala zikapsa kwambiri zimapola zitapindika, khasu osagwirikanso. Bambo akagwa ali m'bwato pa nyanja ya Chilwa kapena pa Shire amamira. Ngakhale madzi olekeza m'mawondo angaphe munthu wokomoka.

Tsono zoopsa zazikulu ndi zitatu: moto, madzi ndi malo aatali. Wodwala khunyu asakwere padenga kukafolera, kapena mumtengo kukathyola mango. Asasonkhezere moto pauvuni wa njerwa kapena m'chigafa cha fodya wa chikopa. Kuchitsime ndi kudambo apite ndi mnzake, ndipo asambe madzi a m'ndowa kunyumba, osati kumtsinje. Pophika pakhale wina pafupi, ndipo moto autchinge ndi njerwa.

Koma musamtsekere m'nyumba ngati munthu wopanda pake. Angathe kulima, kupalira, kusankha fodya, kuluka mphasa ndi madengu, kuweta nkhuku ndi kugulitsa pamsika. Munthu akamadya za thukuta lake amakhala ndi ulemu pamudzi, ndipo mtima wake umakhala m'malo. Mwana wakhunyu naye apite kusukulu monga anzake.

Mankhwala alipo kuchipatala, monga aja otchedwa phenobarbitone. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa odwala 10, odwala 7 angathe kuleka kugwa akamalandira mankhwala oyenera. Mankhwalawa ngofunika kumwa tsiku ndi tsiku. Kuleka mwadzidzidzi chifukwa choti mwapeza bwino kumabweza matenda mwamphamvu. Mowa ndi kuchezera usiku wonse osagona zimadzutsanso khunyu.

Mukaona munthu wagwa, chotsani makasu, nkhwangwa ndi moto pafupi naye. Ikani nsalu pansi pa mutu wake, ndipo akaleka kuphupha mumgoneke chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musammwetse madzi, ndiponso musampanikize. Akaphupha kupitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Ngati wapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Musapake dzira, mafuta kapena dothi.

Inu mafumu ndi akuluakulu, fotokozerani anthu anu zimenezi pabwalo. Pogawana ntchito za pamudzi, wodwala khunyu mumpatse yake yomuyenera. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.