MPANDA WA KU LABADEE: SITIMA ZA ALENDO NDI MAIKO A CHIPWIRIKITI

Pa nyanja zamchere za dziko lapansi pamayenda sitima zikuluzikulu zimene ntchito yake si kunyamula katundu kapena kuolotsa anthu apaulendo, koma kusangalatsa alendo amene ali patchuthi. Munthu amene anaonapo Ilala ikukocheza pa Nkhata Bay kapena pa Likoma sangamvetse msanga ukulu wa sitima zimenezi, pakuti Ilala imanyamula anthu mazana ochepa chabe, pamene Oasis of the Seas, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 2009, imanyamula alendo oposa 5,000 pamodzi ndi antchito oposa 2,000. Ndi mudzi wathunthu woyandama pamadzi, wokhala ndi malo odyera, masitolo ndiponso chipatala chaching'ono. Usiku sitima imayenda, m'mawa imakocheza pa doko la dziko lina, alendo nkutsika kukaona malo ndi kugula zinthu, ndipo dzuwa likapendeka onse amabwerera m'kati.

Tsono pali funso limene lavutitsa eni sitima zimenezi kwa zaka zambiri. Kodi nkoyenera kukocheza m'dziko limene muli zipolowe? Ambiri akamayankha funsoli amaganiza za moyo wa mlendo yekha, ndipo kuganiza za mlendo sikulakwa. Koma nkhani ino ifuna kuonetsa kuti pa doko lililonse pamakhala magulu awiri a anthu, amene angathe kuchoka ndi amene sangathe kuchoka, ndipo chitetezo choona ndi chimene chimakumbukira magulu onse awiri.

Poyamba ndi bwino kuvomereza kuti ngoziyo si yongopeka. Pa 18 Malichi 2015 sitima ziwiri, MSC Splendida ndi Costa Fascinosa, zinakocheza pa doko la mzinda wa Tunis m'dziko la Tunisia. Alendo anakwera mabasi kupita ku Bardo, nyumba yotchuka yosungiramo zinthu zakale. Amuna amfuti anayamba kuombera alendowo pamene ankatsika mabasi, nawatsatira mpaka m'kati mwa nyumbayo. Anthu 22 anafa, ndipo ambiri a iwo anali ochokera m'sitima ziwirizo. M'dziko la Tunisia munalibe nkhondo tsiku limenelo, koma tsoka silinunkha. Chimene chinaonekera poyera nchakuti alendo a m'sitima ndi osavuta kuwapeza. Tsiku lofika sitima limadziwika miyezi yambiri isanafike, alendowo amayenda m'chigulu, sadziwa chilankhulo cha kumaloko, ndipo sadziwa kothawira.

Pali kampani ina imene inafuna njira yothetsera vuto lotereli kale kwambiri, ndipo njira yake inali mpanda. Kumpoto kwa dziko la Haiti, pafupi ndi mzinda wa Cap-Haïtien, kuli kamtunda kolowa m'nyanja, ka mchenga woyera ndi mapiri obiriwira kumbuyo kwake. Kuyambira m'chaka cha 1986 kampani ya Royal Caribbean yakhala ikugwiritsa ntchito malowa, amene inachita lendi ku boma la Haiti pa pangano lofika mpaka 2050. Malowo ndi aakulu maekala pafupifupi 260, ndipo kampaniyo inawatcha Labadee, posintha pang'ono dzina la mudzi woyandikana nawo wa Labadie. Pali mpanda, pali alonda, ndipo mlendo satuluka kunja mwa kufuna kwake. Ngakhale chakudya chimene amadya pamchengapo chimachokera m'sitima. Anthu a m'deralo amene amalowa ndi okhawo olembedwa ntchito ndi amene apatsidwa chilolezo chogulitsa ziboliboli, zojambula ndi zoluka pamsika wa m'kati. Boma la Haiti limalandira msonkho pa mutu uliwonse wa mlendo, ndipo m'chaka cha 2015 msonkhowo unafika madola 12. Motero sitima imodzi ya alendo 4,000 inkasiya madola 48,000 m'thumba la boma tsiku limodzi, osawerengera zimene ogulitsa malonda ankapeza.

Kwa zaka zambiri mpandawo unkaoneka ngati yankho lokwanira. Mu Haiti maboma anagwa, asilikali analanda ulamuliro, koma nthawi zambiri sitima zinkabwerabe. Pamene chivomezi choopsa cha pa 12 Januwale 2010 chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince, likulu la dzikolo, sitima yotchedwa Independence of the Seas inakocheza pa Labadee patangopita masiku atatu okha. Anthu ambiri anadandaula kuti nzosayenera kuti ena azisambira ndi kudya nyama yootcha pamene m'dziko lomwelo anthu akufukula mitembo ya abale ao. Kampaniyo inayankha kuti sitimazo zinabweretsa chakudya ndi madzi othandizira ovutika, ndiponso kuti kuleka kubwera kukadalanda mkate pakamwa pa mabanja amene amadalira alendo. Yankho limeneli linali ndi nzeru, ndipo owerenga alisunge, pakuti lidzafunikanso kutsogoloku.

Malire a mpanda anaonekera mu Januwale 2016, pamene dzikolo linali pa mkangano wa chisankho cha pulezidenti. Anthu a m'deralo anakwera timabwato tao nadzaza pamadzi pafupi ndi doko, akuchita chionetsero. Sanavulaze munthu, koma sitima ya Freedom of the Seas inabwerera osatsitsa mlendo ngakhale mmodzi. Mpanda unatchinga kumtunda, koma panyanja panalibe mpanda. Tsiku limenelo zinadziwika kuti chimene chinkasunga mtendere wa pa Labadee zaka zonsezo si waya ndi alonda okha iai, koma kulola kwa anthu oyandikana nawo. Iwo akakondwa malowo amakhala pabata, ndipo iwo akakwiya sitima yaikulu ngati phiri imagonja kwa timabwato ta asodzi.

Mavuto aakulu koposa anadza pambuyo pa imfa ya Pulezidenti Jovenel Moïse, amene anaphedwa m'nyumba mwake pa 7 Julayi 2021. Magulu a zigawenga anakula mphamvu mpaka kulanda mbali yaikulu ya Port-au-Prince. Kumayambiriro kwa Malichi 2024 anathyola ndende ziwiri zikuluzikulu, akaidi zikwi zingapo nathawa. Nduna yaikulu Ariel Henry, amene panthawiyo anali atapita ku Kenya kukapempha apolisi odzathandiza kubwezeretsa bata, analephera kubwerera kwao ndipo anatula pansi udindo. M'mwezi womwewo Royal Caribbean inaleka kukocheza pa Labadee. Inayambiranso mu Okutobala 2024, koma mu Epulo 2025 inalekanso. Bungwe la United Nations linanena kuti m'chaka cha 2024 chokha anthu oposa 5,600 anaphedwa pa ziwawa zimenezi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2025 anthu oposa miliyoni imodzi anali atathawa m'nyumba zao.

Alipo amene ananena kuti kampaniyo inachita mantha opanda pake, popeza Labadee ali kutali ndi likulu, ulendo wa maola ambiri pagalimoto, ndipo mzinda wa Cap-Haïtien unali pabata poyerekeza ndi Port-au-Prince. Mau ameneŵa ali ndi mbali yake yoona, pakuti si chilungamo kuweruza dziko lonse ndi mbiri ya mzinda umodzi. Komabe kuleka kunali koyenera, ndipo zifukwa zake nzomveka. Choyamba, moto unayamba kuyaka ndi kunja kwa likulu komwe. Mu Okutobala 2024, mwezi womwe sitima zinayambiranso kubwera, zigawenga zinapha anthu oposa 70 pa Pont-Sondé, pa mseu waukulu wopita kumpoto, ndipo kumapeto kwa Malichi 2025 zinalowa m'tauni ya Mirebalais ndi kumasula akaidi mazanamazana. Chachiwiri, chitetezo cha malo sichiyesedwa ndi bata la m'mawa umodzi, koma ndi chimene chingachitike zinthu zitaipa. Ngati anthu zikwi zinai ali pamchenga ndipo mfuti zalira, ndani adzabwera kudzathandiza m'dziko limene apolisi ake akulephera kuteteza ndende zao? Wovulala kwambiri adzapita naye kuti, pamene ndege zitatu za ku America zinaomberedwa pa Port-au-Prince mu Novembala 2024 ndipo boma la America linaletsa ndege zake kutera kumeneko? Chachitatu, mlendo amagula tikiti pokhulupirira kuti eni sitima anaunika bwino njira. Iye alibe maso ku Haiti, ndipo wokhala ndi maso ndiye ayenera kusenza udindo.

Koma nkhani siithera pamenepo, ngakhale ambiri amaithetsa pomwepo. Sitima ili ndi mwai umene hotela ilibe, pakuti imatha kunyamula nangula ndi kupita kwina. M'mapangano a matikiti makampani amalembamo kuti angathe kusintha madoko nthawi iliyonse, ndipo mlendo amene sanafike pa Labadee amakasambira pa chilumba china, mwina ku Bahamas kapena ku Jamaica, nabwerera kwao ali wokondwa. Kampani siitaya zambiri. Nanga mai wogulitsa zoluka pamsika uja? Nanga wosema ziboliboli amene anagula mitengo pangongole poyembekeza sitima ya sabata yamawa? Nanga woimba nyimbo padoko, ndi mwini bwato wonyamula antchito kuchokera ku mudzi wa Labadie? Iwo alibe nangula woti anyamule. Tsiku limene dziko lao lafika poipitsitsa, pamene mitengo ya zinthu yakwera ndipo miseu yatsekedwa, ndi tsiku lomwelo limene ndalama zao zimaleka kulowa. Chigamulo chimene chateteza mlendo chimasiya mnansi pa njala, ndipo njala ndiyo imene imakankhira anyamata ambiri m'magulu a zigawenga.

Apa ndi pamene yankho lija la m'chaka cha 2010 liyenera kukumbukiridwa. Ngati zinali zoona panthawi ya chivomezi kuti mabanja a pa Labadee sangakhale popanda sitima, ndiye kuti nzoonanso panthawi ya zipolowe. Kampani siingatchule umphawi wa anansi ake monga chifukwa chobwerera, kenaka nkuuiwala umphawi womwewo pochoka.

Wina adzati kampani si boma, ndipo si iyo inayambitsa ziwawa za mu Haiti. Zimenezo nzoona, ndiponso nzoona kuti Royal Caribbean inachitapo zabwino, monga kumanga sukulu pafupi ndi Labadee m'chaka cha 2010. Koma pali kusiyana pakati pa mlendo ndi kampani yomunyamula. Mlendo ndi mame, amafika m'mawa ndipo dzuwa likakwera wapita. Kampani imene yakhala pamalo kuyambira 1986, ndipo ili ndi pangano lofika 2050, si mame ai. Ili ngati mkamwini amene wamanga nyumba pamudzi, walima minda ya pamudzipo ndi kukolola zaka makumi anai. Mkamwini wotere akaona moto walusa angathe kutulutsa ana ake m'nyumba, ndipo palibe angamdzudzule. Koma akapita kwao osatembenuka, nadikira kuti eni mudzi azime okha motowo kuti iye adzabwere kudzakolola, anthu adzamkumbukira, ndipo tsiku lobwerera adzapeza nkhope zasintha.

Motero pali zinthu zitatu zimene ziyenera kuchitika paliponse pamene sitima za alendo zimakocheza m'maiko ovutika. Choyamba ndi kunena zoona. Mlendo auzidwe dzina la dziko limene akupitako ndi mmene zinthu ziliri kumeneko, pamodzi ndi chenjezo la boma la kwao, asanalipire ndalama zake, kuti asankhe yekha ali maso. Dzina lokoma la gombe lisaphimbe dzina la dziko. Chachiwiri, chigamulo chokocheza kapena kuleka chichokere pa kuunika malo enieniwo, miseu yake, zipatala zake ndi apolisi ake, ndipo pounikapo afunsidwenso anthu a m'deralo, amene amamva mphekesera za ngozi msanga kuposa munthu wokhala mu ofesi ku Miami. Chachitatu, ndipo chachikulu, m'pangano la lendi mulembedwe za tsiku loipa. Pa msonkho wa mlendo aliyense ndi pa phindu la kampani pazipatulidwa gawo losungidwa, loti lizithandiza antchito ndi ogulitsa malonda m'miyezi imene sitima sizikubwera. Boma limene likubwereketsa gombe lake kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi osakumbukira mfundo imeneyi lagona tulo pa ntchito yake.

Zimenezi si zachifundo chabe, pakuti zimatetezanso kampani yomweyo. Timabwato ta m'chaka cha 2016 tinaphunzitsa kuti mtendere wa m'kati mwa mpanda umachokera kunja kwa mpanda. Akale anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Tsiku lina zigawenga za mu Haiti zidzagonja, monga zinagonjera nkhanza zina m'mbiri yaitali ya dziko limeneli, limene linadzimasula lokha ku ukapolo m'chaka cha 1804. Pamene sitima idzakochezanso padoko, chimene chidzasunge alendo ake ndi anthu a ku Labadie, ndipo iwo adzakumbukira amene anawakumbukira pa nthawi ya njala.