Tilibe makina, koma mitu tili nayo

Ndatopa nawo mawu amene ena mwa ife ophunzira unamwino timakonda kunena, akuti za cerebral perfusion pressure n'za kunja chifukwa kuno tilibe makina oyezera ICP. Umenewu ndi ulesi, ndipo amene amafa nawo ndi mnyamata wa kabaza amene wafika ku ICU atamenyetsa mutu pa tala.

CPP ndi mphamvu yokankhira magazi mu ubongo. Timaipeza pochotsa ICP, kupanikizika kwa m'kati mwa chigaza, pa MAP. Chigaza sichifutukuka, choncho ubongo ukatupa ICP imakwera ndipo magazi amalowa movutikira. Malangizo a Brain Trauma Foundation a 2016 amati CPP ikhale pakati pa 60 ndi 70 mmHg, ndipo ICP ikapitirira 22 tichitepo kanthu.

Tiwerengere limodzi. BP ya 90/60 imapereka MAP ya 70. Ngati ICP ili 25, CPP yatsala 45 yokha. Namwino wosadziwa izi amangolemba 90/60 pa tchati n'kupita, pamene ubongo ukuwonongeka. Nanga BP ikakwera, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono, kupuma n'kusokonekera? Chimenecho n'chizindikiro cha Cushing: thupi likulimbana kuti magazi afike ku ubongo. Wothamangira kutsitsa BP apa wapha munthu.

Mukuti popanda makina tikungolota? Kafukufuku wa BEST-TRIP, wochitikira ku Bolivia ndi Ecuador n'kusindikizidwa mu 2012, anapeza kuti odwala osamalidwa ndi makina oyezera ICP sanachire bwino kuposa amene ankayang'aniridwa ndi CT scan komanso kupimidwa pafupipafupi. Makinawo tikuwafunabe, koma kupima pafupipafupiko ndi ntchito ya ife anamwino, lero lomwe.

Kukweza kumutu kwa bedi madigiri 30, kuwongola khosi kuti magazi atsike bwino kuchoka m'mutu, kuziziritsa thupi likatentha, kusachedwa pa suction, kuyeza GCS ndi kuunika m'maso ndi tochi ola lililonse, kuitana adokotala MAP ikangoyamba kutsika: zonsezi sizidikira ndalama za madona. Koma usiku, odwala atachuluka, namwino amasiya chimene sadziwa chifukwa chake.

Anzanga, tiyeni tidandaule za makina mokweza. Koma amene sangawerengere MAP pambali pa bedi, ngakhale atamugulira makinawo mawa, adzangowayang'ana.