Anthu a m'mapiri a Thyolo asamukire kuti?

Namondwe Freddy atafika m'Malichi 2023, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udakokoloka. Anthu oposa 600 adafa m'dziko muno. Boma la Thyolo nalo lidakhudzidwa, ndipo kuyambira pamenepo akuluakulu akungobwereza mawu amodzi: chokani m'malo otsetsereka.

Mawuwo ngoona. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi limakhuta madzi, limalemera, kenako limatsetsereka pathanthwe lomwe lili pansi pake. Kale mizu ya mitengo inkaligwira, koma nkhalango ya m'phiri la Thyolo idatha ndi nkhwangwa, chimanga n'kukwera mpaka kumtunda. Anthu a ku Phalombe, omwe adaona Napolo wa 1991 akutsika m'phiri la Michesi, amadziwa bwino mathero ake.

Nanga munthu wa ku Thekerani kapena Masambanjati alowere kuti? Malo ambiri abwino adatengedwa nthawi ya atsamunda, ndipo lero ndi minda ya maesiteti a tiyi monga Conforzi, Naming'omba ndi Satemwa. Mayi wolima potsetsereka moti chikho sichingakhazikike sadachite kusankha malowo. Adasowa kwina.

Eni maesiteti nawo ali ndi mfundo yosatsutsika. Tiyi amaphimba nthaka chaka chonse, mizu yake imazama, ndipo munda wake sukokoloka ngati mizere ya chimanga yongolimidwa kumene. Timagawo tina ta nkhalango zachilengedwe tatsala m'maesiteti momwemo. Kuzula tiyi n'kugawa minda kungawonjezere ngozi, komanso kungasowetse pogwira anthu zikwizikwi omwe amadya za kuthyola tiyi.

Ine sindikuti tiyi azulidwe. Boma liyeze malo a maesiteti omwe akungokhala osalimidwa, aja anthu akhala akuwadandaula zaka zambiri, liwagule, n'kuyamba ndi mabanja omwe nyumba zawo zili m'njira ya madzi. Aphungu adavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023, koma kuuza munthu kuti asamuke osamuonetsa pomanga n'kumubweza komwe adachoka.

Poyembekezera zimenezo, dzinja silidikira. Ming'alu ikaoneka kuseri kwa nyumba, mitengo ikayamba kupendekeka, kasupe akatumphuka pomwe padali pouma, amfumu ndi komiti ya m'mudzi asadikire galimoto ya DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Atulutse anthu kukadawala, okalamba ndi ana patsogolo, akagone kusukulu kapena kutchalitchi chomwe chili kutali ndi phiri.