Nkhondo ya ku Mozambique ikadali m'mitu ya agogo ena

Mfuti zinaleka kulira ku Mozambique pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mgwirizano wa mtendere ku Rome pa 4 October 1992. Nthawi imeneyo Malawi anali akusunga anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ambiri anabwerera kwawo, koma si onse. Ena anapeza mabanja konkuno, ena analembedwa ntchito yothyola tiyi, ndipo poti Chilomwe n'chomwecho mbali zonse za malire, kuno ku Thyolo sanaoneke ngati alendo.

Werengani zaka, awerengi. Munthu amene anaoloka pa Muloza mu 1986, a Renamo atalanda tauni ya Milange, ali ndi zaka 30, lero ndi gogo wa zaka pafupifupi 70. Mukazungulira midzi ya kuno ku Goliati muwapeza agogo oterowo. Ena ali bwinobwino. Koma ena amangokhala pakhonde duu, nsima akudya mbamu ziwiri, tulo osabwera, kutchalitchi anasiya. Galimoto ikaphulitsa tayala pamsewu, thupi lonse njenjenje.

Ife timati ndi ukalamba. Ine ndikuti ayi. Ukalamba umatha mano ndi mawondo, koma suchititsa munthu kunena tsiku ndi tsiku kuti "bola ndikanangofa". Awa ndi matenda a maganizo amene achipatala amawatcha depression, ndipo amachizika.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji akudwala lero, nkhondo itatha kalekale? Ntchito inkaphimba zambiri. Munthu wolawirira m'mawa ndi dengu kumsana, wobwera madzulo atatheratu, alibe mpata wokumbuka mwana amene anamusiya m'tchire osamuika m'manda. Akapuma ntchito, nyumba ya kukomboni amatulukamo. Munda alibe, poti malo ku Thyolo kuno ngakhale eni mudzi akulimbirana. Anzake amene ankadziwa kumene anachokera akutha mmodzimmodzi. Tsiku limatalika, zakale zimayamba kubwerera. Ndiye kunabweranso namondwe Freddy mu March 2023: kuthawanso usiku, kugonanso pamsasa, kuimanso pamzere wa ufa. Kwa achinyamata zinali zachilendo, kwa agogowa kunali kachiwiri.

Kuchipatala gogo sanganene kuti "ndakhumudwa". Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, thupi lalobodoka. Amuyeza malungo ndi BP, amupatsa Panado, basi wabwerera. Sindikudzudzula adokotala, mzere wake mumaudziwa. Komanso tikangomva za matenda a maganizo timathamangira ku Zomba Mental Hospital, ngati kuti aliyense wovutika mumtima ndi wamisala. N'chifukwa chake mabanja amabisa.

Choopsa kwambiri n'chakuti gogo wodzipatula, wolankhula yekha, wodzuka pakati pa usiku, ndi yemwe timayamba kumuloza chala mwana akadwala m'mudzi. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Nanga gogo wopanda abale kuno, amene kwawo n'kutsidya, angamuikire kumbuyo ndani?

Anzathu a ku Zimbabwe anapeza njira yosalira ndalama zambiri. Dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Harare: anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo, atakhala pabenchi panja pa chipatala. Matendawo amawatcha ndi dzina la kwawo, kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, mawu omwe nafenso timanena. Kafukufuku anasonyeza kuti anthu ambiri amapezadi bwino. Benchi ife tili nawo, agogo odziwa kusunga chinsinsi tilinso nawo m'mabungwe a amayi a m'mipingo. Chikusowa ndi kuwaphunzitsa, ndipo pempholi ndikulitula kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Thyolo.

Pakadali pano, alangizi a zaumoyo akamayenda m'midzi asamangofunsa za katemera ndi zimbudzi. Afunsenso agogo ngati akugona tulo. Mafumu akamalemba maina a Mtukula Pakhomo asadumphe gogo poti anabadwira ku Milange. Inunso adzukulu, agogo akayamba nkhani ya kwawo musawadule ndi mawu oti "zakale zimenezo, iwalani". Ndipo mukamva akunena zofuna kufa, musadikire mawa: tsiku lomwelo perekezani agogo kuchipatala, ndipo mukawafotokozere adokotala mawu enieniwo amene agogo ananena.